Munthu Amene Anagawa Sola ya Malemu Patatu

Panali munthu wina, dzina lake Kamtedza, amene anamera imvi akuyeza chimanga cha anthu pa sikelo. Zaka makumi atatu ali pamsika wa mbewu, palibe mlimi amene anabwerako kudzadandaula kuti wamubera ngakhale chikho chimodzi. Anzake oyeza ankakankha sikelo ndi bondo mwini chimanga akayang'ana kumbali, koma iye ayi. Atapuma pa ntchito, mbiri ija inamutsatira kumudzi. Kukagwa nkhani yogawa, kaya ndi munda, kaya ndi nyama ya pamaliro, anthu ankangoti, "Kaitaneni a Kamtedza." Iye ankabwera atavala jekete lake, n'kuyang'ana, n'kugawa, anthu n'kubalalika opanda chonena. Anali munthu wolungama ndithu, ndipo vuto lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi wolungama.

Kamtedza anali ndi mphwake amene ankakhala m'tauni, m'nyumba ya lendi, ndi mkazi wake Nangozo ndi ana atatu. Woyamba anali mtsikana, Lonjezo, wachiwiri mnyamata, Takondwa, ndipo wotsiriza anali kamtsikana ka zaka zinayi, Zione. Banjali linkadya kuchokera m'mazira. Nangozo anali ndi makina ofungatira mazira, aakulu ngati kabati, ndipo pakatha masabata atatu alionse ankatulutsamo anapiye n'kugulitsa kwa oweta nkhuku. Anapiye amenewo ndiwo ankalipira nyumba, ndiwo ankaveka ana yunifolomu.

Koma magetsi a m'tauni mukuwadziwa inu. Amachoka osatsanzika, ndipo tsiku lobwerera sanena. Dzira silidziwa zimenezo. Limafuna kutentha kosalekeza masiku makumi awiri ndi limodzi, ndipo likazizira nthawi yaitali, basi lafa. Kawiri konse Nangozo anakataya mazira kudzala magetsi atazima. Mwamuna wake ataona misozi ija anayamba kugula zida za sola pang'onopang'ono. Anayamba ndi mapanelo anayi, n'kuwakhomera padenga kuti azikoka mphamvu ya dzuwa. Anadzagula mabatire awiri olemera osungiramo mphamvuyo. Potsiriza anagula inveta, kabokosi kamene kamasandutsa mphamvu ya m'batire kukhala magetsi ofanana ndi a pakhoma. Anazilumikiza zonse ndi manja ake. Kuyambira pamenepo magetsi akazima, kabokosi kaja kankangoti kwa, makina n'kupitiriza kulira ngati palibe chachitika.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala, mphwake wa Kamtedza anayala mazira mazana atatu m'makina Lolemba, ndipo Lachitatu anagwa. Kamtedza anamupeza kuchipatala masana a Lachisanu, mawu atayamba kuthawa. Wodwalayo sananene za katundu. Anangomugwira dzanja mkulu wake.

"Achimwene, ana angawa asabalalike. Akulire pakhomo limodzi."

"Ndamva, mphwanga," anatero Kamtedza. "Ndikadali moyo ine, sabalalika."

Ananena ndi mtima wonse, ndipo musakayike zimenezo. Loweruka mphwake anatisiya.

Maliro anakaika kumudzi. Atameta, Kamtedza ndi abale ena a malemu anakwera galimoto kupita m'tauni kukaona zimene m'bale wawo wasiya. Panali mlongo wawo, panali mng'ono wawo wotsiriza, panalinso atsibweni awo, nkhalamba yokonda kupatsidwa ulemu. Atalowa m'nyumba maso a onse anagwera pa makina aja. Chilichonse m'nyumbamo chinali chete kupatula makinawo, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndiwo ankadyetsa banja. Mlongo uja anayamba kunena za nkhuku zake zakumudzi. Mng'ono uja anati iye ndiye anabwereka malemu njinga ali mnyamata. Atsibweni anangokhosomola.

Kamtedza anaona kumene nkhani ikulowera, ndipo anakumbukira dzanja lija la kuchipatala. Mumtima mwake anati makinawa sachoka m'nyumba muno. Koma ankadziwanso kuti abale amene abwerera chimanjamanja amasiya chidani, ndipo chidanicho chimadzagwera ana. Anafunafuna choti awatseke nacho pakamwa. Anayang'ana padenga, n'kuona mapanelo. Anayang'ana pakona, n'kuona mabatire ndi kabokosi. Zinthu zitatu, abale atatu. Mutu wake wa pasikelo unakondwa, poti chiwerengero chinangokwana chokha.

"Makina, mabedi, ziwiya ndi zovala zitsala kwa mlamu wathu ndi ana," anatero. "Mapanelo atenge achemwali. Mabatire atenge mphwangayu. Kabokosika n'ka atsibweni. Ine sinditenga kanthu, ngakhale supuni."

Anthu anavomera ndi mutu. Ndani angatsutse munthu amene iye mwini sakutenga kanthu?

Nangozo anali atakhala pamphasa kukona, mutu wometa atafunda mpango wakuda. Anayankhula osadzutsa nkhope.

"Alamu, pepani. Zinthuzi n'zolumikizana. Mukachotsapo chimodzi, zonse zafa."

"Mlamu, chachikulu ndakusiyirani," anatero Kamtedza mofatsa. "Lolani enawa atengeko chokumbukira m'bale wawo."

"Koma alamu, m'makinamo muli mazira. Magetsi akangozima..."

"Dothi la pamanda silinaume n'komwe, inu mwayamba kale kukangamira katundu?" anadula mawu mlongo uja.

Nangozo anatseka pakamwa. Mkazi wamasiye sakweza mawu pakati pa alamu ake, chifukwa akatero mawa limveka kuti mwamuna uja anamudya yekha pofuna chuma. Ndipo tsiku limenelo, ngati kuti akudziwa, magetsi anali alipo chiyambire m'mawa. Babu la pabalaza linali kuyaka dzuwa likuswa mtengo. Kamtedza analiyang'ana babulo. Kumudzi kwake kunalibe magetsi, ndipo iye ankaganiza kuti nyumba yokhala ndi waya wochokera pamzati ndiye yatha mavuto. Anthu a m'tauni, anatero mumtima, ali ndi magetsi awiri pamene ena alibe ngakhale amodzi.

Abale aja anachita manyazi kuyamba kumasula, aliyense akuyang'ana mnzake. Kamtedza sankakonda ntchito yosiyira panjira. Anavula jekete, anatenga sipanala m'bokosi la zida za malemu, n'kugwada pakona. Anamasula waya woyamba pabatire. Kabokosi kaja kanalira katatu, kenako kanakhala chete. Makina anazima. Iye anazula pulagi ya makinawo n'kukaibaya pakhoma, ndipo anayambanso kulira.

"Mwaona, mlamu? Akugwira."

Pofika madzulo denga linali lopanda kanthu, ndipo galimoto inanyamuka yolemera. Kamtedza anabwerera kwawo mtima uli m'malo, akudziuza kuti makina wawapulumutsa ndipo palibe amene wachoka akulira.

Patapita masabata awiri ndi masiku atatu chimwalirire mphwake, anawerenga masiku n'kuona kuti anapiye ayenera kuti aswa. Anamanga thumba la mbatata ndi mtedza wa ana, n'kukwera basi. Anafika masana. Atangoima pakhomo anamva kuti china chake chasowa, koma sanadziwe msanga kuti n'chiyani. Kenako anazindikira kuti m'nyumbamo simukumveka makina.

Magetsi anali atazima chiyambire dzana, dera lonse. Nangozo anali atatulutsa mazira onse m'makina n'kuwayala m'mabeseni pabalaza. Anawafunditsa mabulangete a ana, nsalu zake zonse, ndi jekete la malemu pamwamba. M'mbali anaika mabotolo a madzi otentha. Mbaula ziwiri zinali zitazima, makala atatha. Masiku awiri mayiyu anayesa kuchita ndi manja ake ntchito ya makina, ndipo maso ake anali ofiira ndi utsi. Ana atatu anali atakhala pakhoma mondondozana, osasewera.

Nangozo anamupatsa mpando mlamu wake monga mwa ulemu, n'kumupatsa moni atagwada. Kenako anatenga dzira limodzi n'kumuikira pakhutu.

"Mukumva kanthu, alamu?"

"Ayi."

"Dzana ankalira m'katimu. Onse. Anatsala ndi tsiku limodzi."

Analigogoda dziralo pamphepete mwa beseni n'kulisenda ndi chala. M'katimo munali mwanapiye wathunthu, wa mlomo, wa zikhadabo, nthenga zake zonyowa, atapinda mutu pansi pa phiko. Anali wozizira. Nangozo anamuika pansi bwinobwino, n'kutenga dzira lina.

"Basi, mlamu, basi," anatero Kamtedza.

"Awa ndi amene anayala okha bambo a Lonjezo," anatero Nangozo. "Ndimafuna ndiwaone ataswa."

Sanamutukwane. Sanamukumbutse kuti ndinanena ine. Kamtedza akanakonda atamutukwana, chifukwa mwano ukanamupatsa pogwira. Anakhala pampando paja ndi thumba lake la mbatata pamapazi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anaona kuti manja ake achita choipa mtima wake usakudziwa.

"Ndikabweza zonse," anatero poimirira. "Mundidikire."

Kugawa kunatenga tsiku limodzi, koma kusonkhanitsa kunamutengera masabata asanu ndi limodzi.

Anayamba kwa mlongo wake. Mapanelo awiri anawapeza pathandala, atayanikapo makaka a chinangwa. Panelo lachitatu linali kuseri kwa nkhokwe. Panelo lachinayi anali atatsekera nalo khola la mbuzi, ndipo tonde anali atalipyoza kale ndi nyanga. Mlongoyo ndiye anayamba kudandaula. "Achimwene, munandipatsa chiyani? Magalasi osayatsa ngakhale babu limodzi. Tengani, angondidyera malo."

Anapita kwa mng'ono wake. Uyu anali atalumikiza wailesi ndi zokuzira mawu kumabatire aja, mudzi wonse n'kuvina masiku anayi. Mphamvu itatha panalibe chodzazira, poti mapanelo anali kwina. Anawasiya pakhonde, ana n'kumakhalira. Kamtedza anawanyamula pa njinga kupita nawo kwa wokonza mawailesi pamsika. Munthuyo anawayeza ndi kachipangizo kake n'kupukusa mutu. Anati batire ya mtundu uwu ikatheratu n'kukhala choncho masabata, siidzukanso. Kamtedza anagulitsa mbuzi zake zonse kuti apeze batire imodzi yatsopano.

Atsibweni ndiwo anamuvuta koposa. Inveta anali ataiika pamwamba pa kabati, ataifunditsa kansalu koluka, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa kuti ichi chinasiyidwa ndi mwana wa mlongo wanga wa kutauni. Ntchito yake sankaidziwa, koma kubweza anakana.

"Iwe wemwe unagawa pamaso pa anthu," anatero. "Lero ukufuna kunena kuti unalakwa?"

Kamtedza anapita kawiri n'kubwerako chimanjamanja, chifukwa mawu amenewo sankatuluka pakamwa pake. Ankazungulira, akunena kuti zinthu zasintha, kuti mlamu wavutika. Nkhalamba inkangoyang'ana kumbali. Ulendo wachitatu anakhala pansi, pa dothi, munthu wa imvi.

"Ndinalakwa, atsibweni. Ndinagawa chinthu chosagawika."

Nkhalamba inatsitsa kabokosi kaja n'kumupatsa. Koma kunyada kwa Kamtedza kunali kutadya masabata awiri ena.

Anachita hayala kagalimoto, n'kukweza mapanelo atatu, batire ndi inveta. Panjira ankaganiza za mmene adzakwerere padenga yekha, ngakhale maondo akukana. Atafika m'tauni anapeza pazenera la nyumba ija pali makatani achilendo, ndipo pachingwe payanikidwa zovala za anthu ena. Mayi woyandikana nawo anamuuza kuti Nangozo anachoka masabata awiri apitawo. Ogula anapiye anadikira n'kupita kwina. Mazira ena analibe chogulira, ndipo ngakhale akanagula, akanawaika bwanji m'makina magetsi akuzima tsiku ndi tsiku? Mwini nyumba anapeza wina wolowamo. Abale ake a Nangozo anabwera kudzamutenga kupita naye kwawo ku Ntcheu.

Kamtedza anauza dalaivala kuti atembenuze galimoto.

Anafika kumudzi kwa Nangozo dzuwa litapendeka. Anamulandira ndi mlongo wake wa Nangozo, mwamuna wofatsa wa zigamba m'maondo, amene tsopano ndiye anali mwini mbumba. Anamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Nangozo anabwera kudzapereka moni, atawonda, Zione atamugwira nsalu.

"Mlamu, ndabweza," anatero Kamtedza, akuloza galimoto. "Panelo limodzi linasweka, koma atatu alipo. Batire ndi yatsopano. Kuno dzuwa lilipo lambiri, makina aja akhoza kugwira ngakhale konkuno."

"Makina ndinagulitsa, alamu," anatero Nangozo. "Ana anagona ndi njala masiku atatu."

Kamtedza anayamba kufunafuna ana aja ndi maso. Anayang'ana pabwalo, kuseri kwa nyumba, kunjira ya kuchitsime. Ana a m'mudzimo anali atazungulira galimoto, koma nkhope zimene ankafuna sanazione.

"Nanga Lonjezo ndi Takondwa ali kuti?"

Anayankha ndi mlongo wa Nangozo, ndipo anayankha mwaulemu, ngati munthu amene akupereka lipoti la ntchito yoyenda bwino.

"Bambo, chaka chino sitinakolole. Pakamwa panayi pakhomo limodzi sitikanatha. Ndiye tinakhala pansi pachibale n'kugawana. Lonjezo anapita ku Salima kwa mayi ake aang'ono, akuwathandiza kulera khanda. Takondwa anamutenga msuweni wathu wa ku esiteti ya fodya ku Kasungu, akuti kumeneko ana amathandizako kusoka fodya. Wamng'onoyu watsala ndi mayi ake. Tinagawa bwino ndithu. Aliyense anatenga mmodzi, palibe amene walemedwa."

Kamtedza anamuyang'ana mlongo wa Nangozo uja. Munthuyo sanali woipa. Anachita zimene akanatha, ndipo anaziyeza mosakondera.

Pamenepo Zione anasiya nsalu ya mayi ake. Kuyambira pamene galimoto inaima, mwanayu ankangoiyang'ana. Anathamangira komweko, anakwera pa tayala, n'kusuzumira kumbuyo. Anaona magalasi, batire ndi kabokosi. Anasuzumiranso kutsogolo, kumene kunali dalaivala yekha. Kenako anabwerera pang'onopang'ono n'kudzaima pamaso pa Kamtedza.

"Ababa aakulu, aLonjezo mwawasiya kuti? Amayi anati adzabwera pa galimoto."

Munthu uja, amene anagawa minda ya mudzi wonse osanjenjemera dzanja, anaphimba nkhope ndi jekete lake n'kulira mokweza ngati mwana. Ankalirira mphwake, amene anamupempha chinthu chimodzi chokha.

Tsono inu amene mwakhala pano, ambiri mwa inu tsiku lina mudzaitanidwa kukagawa za m'nyumba ya malemu. Sindikukuopani kuti mudzaba. Akuba timawadziwa, ndipo amadzidziwa okha. Ndikuopa inu olungama, amene mudzalowe m'nyumba ya eni ake manja ali oyera, n'kuwerenga zinthu, n'kuwerenga anthu, n'kukondwa kuti zakwanirana. Zilipo zinthu zimene zili ndi moyo chifukwa chakuti zili pamodzi, ndipo zimenezo sizioneka ndi maso a mlendo. Amazidziwa ndi amene amagona m'nyumbamo, ndipo kawirikawiri ndi amene mwambo wamutseka pakamwa. Akayankhula motsitsa kukona, imitsani zonse, mupite mukakhale pafupi naye, mumufunse kuti anene bwino. Musanagwire sipanala, mverani mkazi wamasiye mpaka amalize.